Bipi ya Boti la Amalume

Anthu akamachoka ku Joni kubwerera kumudzi amanyamula zinthu zodziwika: filiji, matilesi, njinga, wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko. Amalume anga, achimwene awo a mayi anga, anaganiza zonyamula boti.

Sanachite kuligula. Anagwira ntchito ya m'maluwa kwa mzungu wina ku Alberton kuyambira ine ndisanamere mano. Mzunguyo atakalamba, ana ake anabwera kudzamutenga kuti azikakhala nawo kutsidya kwa nyanja, nyumba n'kuigulitsa. Potsanzikana, bwanayo anamwazamwaza maso pabwalo kufuna chowasiyira amalume, ndipo masowo anakagwera pa chinthu chimene chinagona pansi pa lona kuseri kwa galaja kwa zaka zambirimbiri. Ena akapuma ntchito amapatsidwa wotchi. Amalume anapatsidwa boti, ngolo yake yamatayala, ndi banja lonse la abuluzi limene linkakhala m'menemo.

Kwathu ndi ku Chikwawa, m'mbali mwa Shire. Pali doko pamene anthu amaoloka pa mabwato a mtengo popita kumsika ndi kuchipatala, ndipo madzi akadzaza, wodwala amayamba wadikira kuti mtsinje ukhazike mtima pansi. Amalume atavundukula lona uja sanaone abuluzi. Anadziona okha atavala chipewa, akuolotsa amayi ndi madengu awo, njinga, mbuzi, ngakhale abusa.

Panali kavuto kamodzi kokha: injini sinkalira. Ndipo amalume anali atalumbira.

"Ine sindikwera lole ndi maliro," anatero. "Anthu anditchula mtchona mpaka dzinalo lamera mizu. Ndiye ndikafike ndi chinthu chakufa, nkhuku ziziikiramo mazira? Likalira, ndipita. Likapanda kulira, ndifuna ntchito ina konkuno."

Ntchito ina, pa msinkhu umenewo. Mawondo anali atayamba kale kuwayankha mwano, komanso ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, matenda aja timangoti bipi. Akazi awo, azakhali, anali atadikira kumudzi mpaka kudikirako kunasanduka ntchito yawo. Eni ake atsopano a nyumba ankalowa kumapeto kwa mwezi, ndipo nthawi yomweyo ndi imene mkulu wina wa lole yonyamula katundu wa majoni ankanyamuka. Iyeyo anali atavomera kukoka botilo mpaka kwathu. Lole ikawasiya, chotsala chinali kachisakasa kamalata ku Makause, kamene mnzawo wina anawalonjeza, ndi kumaima pamsewu m'mawa kudikira ganyu.

Apa m'pamene anandiitana ine, monga munthu wophunzira wa pabanja.

Ndiyenera kulongosola za maphunziro angawo, chifukwa anthu amawakokomeza. Ndinalowadi koleji ku Malawi, kuphunzira za ulimi wothirira. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, ngati banja limene latha ankhoswe asanamve. Tinaphunzira za dothi, za ngalande, za mathanki a madzi. Mutu wa mapampu unali wa chigawo chotsatira, ndipo pamene chigawocho chinkayamba, ine n'kuti ndili m'basi, ndikuoloka mlatho wa ku Tete. Panthawi ya nkhani ino ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Tembisa, ndikutsuka magalimoto ku Kempton Park, ntchito imene tingati ndi yothirira ndithu. Koma kwa amalume ndinali apulofesa basi, ndipo ankanditchula choncho nkhope ili gwa.

Matenda a injiniyo tinkawadziwa, chifukwa bwana uja anawafotokoza asanachoke. Pampu yake yamafuta, imene inkayendetsedwa ndi injini yomweyo, inafa kalekale, ndipo ya mtundu umenewo inasowa m'masitolo. Chofunika chinali kugula pampu yamagetsi, yoyendera batire, yoti izikoka petulo m'thanki n'kumamwetsa injini. Nkhani yachidule. Munthu ulowa m'sitolo, uloza, utuluka.

Tinakwera takisi mpaka cha ku Boksburg, ku sitolo ya zipangizo za maboti. Amalume anavala jekete la kutchalitchi. Tinapezamo mayi wina wa magalasi olendewera pa chingwe, amene atangoona chithunzi cha injiniyo pa foni yanga anaseka n'kunena kuti imeneyo ndi akulu ake. Anafunsa ngati ili ya kabuleta, kachipangizo kaja kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya m'mainjini akale. Ndinavomera molimba mtima, popeza bwana analemba mawu amenewo ndi choko pa chivindikiro. Mayiyo analowa mkati n'kubwera ndi kanthu kakang'ono ngati kachitini ka nsomba.

Amalume Chingelezi amachimva bwinobwino. Angakuuzeni mayina a maluwa amene ngakhale mfumukazi sinawamvepo. Koma pa nkhani zikuluzikulu amafuna womasulira, monga achitira atsogoleri a mayiko.

"Akuti chiyani, apulofesa?"

"Akuti injini yanu ikufuna pampu ya pulesha yotsika."

"Yotani?"

"Yotsika, amalume."

Anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

"Mayi uja anagwa pakati pa kwaya ku Tembisa, tinachita kumunyamula ngati thumba la chimanga, adokotala anati chinamugwetsa n'chiyani?"

"Pulesha yotsika."

"Eya. Ndiye ine ndichoke ku Alberton, ndivale jekete, ndidzagule matenda? Auzeni mayiwa kuti Shire si dziwe la abakha la ku Benoni. Muli ng'ona mmuja. Muli mvuu. Injini ikachita chizungulire pakati pa madzi, nditakweza amayi oyembekezera, ndidzaipepesa ndi chiyani, madzi a shuga?"

Ndinatembenukira kwa mayi wa m'sitolo uja n'kumuuza kuti amalume athokoza kwambiri ndipo akufuna akaganizire kaye. Kumasulira ndi ntchito yofuna chifundo.

Mayiyo anaoneka kuti wamva zonse ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Anatichenjeza kuti chilichonse chimene tichite, tisaike pampu ya galimoto, chifukwa injini ya boti imakhala m'bokosi lotsekeka mmene fungo la petulo limaunjikana, ndipo pampu ya galimoto ikhoza kuthetheka. Ndinamasulira zimenezi mokhulupirika.

"Wogulitsa aliyense amati za mnzake zimaphulika," anatero amalume, tikutuluka.

Tsiku lotsatira ananditengera ku Makause, kwa mkulu wina amene amayala zipangizo za magalimoto ophwasuka pa lona, pafupi ndi pokwerera matakisi. Anthu ake ndi aja oti ukawafunsa chiwongolero cha ndege amati bwerani mawa. Amalume anamufotokozera m'Chifanakalo chawo chakale, chiyankhulo chija cha m'migodi, kuti akufuna pampu yamphamvu, ya amuna, yosadziwa chizungulire.

"Eish, madala, mwafika," anatero mkuluyo. Anafukula chinthu chachitali ngati chinangwa, chonyezimira. "Iyi yachokera m'galimoto ya ku Jeremani. Mukaiyatsa kuno, ikoka petulo ali ku Durban."

Amalume anaiyeza m'dzanja, n'kundipatsa kuti nanenso ndiyeze.

"Mwamva kulemerako, apulofesa?"

"Ndamva, amalume."

"Kaja ka ku Boksburg kanali ngati bokosi la machesi."

Wina angafunse kuti bwanji sindinawaletse. Kwathu mwana wa mlongo sawatsutsa amalume pamsika, anthu akuona. Amayamba wadikira kuti afike kunyumba, adye, apume, kenako n'kukhalabe chete. Komanso kunena zoona, inenso chinangwacho chinandigwira mtima. Chinkaoneka ngati chinthu chimene chinamaliza sukulu.

Tinaimanga Loweruka m'mawa. Tinalumikiza payipi yothirira maluwa kuti injini izipeza madzi oiziziritsa, popeza boti linali pamtunda, pakati pa kapinga amene amalume anamusamalira moyo wawo wonse. Tinakwera tonse awiri. Amalume anapemphera mwachidule, n'kupotokola kiyi.

Pampu inalira ngati udzudzu wonenepa. Injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako inabangula kamodzi, utsi wakuda uli tolotolo. Amalume anali atayamba kale kumwetulira pamene ndinaona petulo akusefukira pakamwa pa kabuleta, akuyenderera m'mbali mwa injini ngati mwana wamwetsedwa phala mokakamiza. Injini inatsamwa n'kuzima. Pampu yokha sinamve kuti mwambo watha. Inapitiriza kukhuthula petulo m'bokosi muja, fungo lili guu.

Ndinazimitsa kiyi. Mmene ndinatsikira m'botimo sindikukumbuka mpaka lero. Ndinangozindikira ndili kuseri kwa mtengo wa mandimu, ndipo amalume, munthu wa mawondo ovuta, anali atandipitirira.

Palibe chinaphulika. Tinatsegula zonse kuti mphepo ipite, tinapukuta ndi masanza, tinadikira. Amalume anakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana botilo ngati munthu amene wauzidwa kuti alowe akaone nkhope komaliza.

"Ngati yakana pampu ya ku Jeremani," anatero, "ndiye kuti inafa ndithu."

Madzulo ake anaimbira azakhali. Amalume foni amaiika pa sipika nthawi zonse, chifukwa amakhulupirira kuti kuiika kukhutu kumatha msanga mayunitsi.

"Abambo," anatero azakhali atamva zonse, "ine ndinakwatiwa ndi munthu, sindinakwatiwe ndi boti. Bwerani ndi thupi lanulo likadali lofunda. Anthu akaseka, aseke, mano ndi awo."

"Tiona," anayankha amalume.

Aliyense wa pabanja pathu amadziwa kuti amalume akati tiona, ndiye kuti aona kale ndipo yankho ndi ayi. Mawa lake, tikuchokera kutchalitchi, ndinawamva akufunsa mnzawo uja ngati kachisakasa ka ku Makause kamadontha. Sindinapeze choseketsa pamenepo. Ndinakhala ndikuwayang'ana m'khosi mmene jekete linayamba kuwakulira, ndikuganiza za chisanu cha mu Juni chikamalowa pansi pa malata.

Lolemba linali tsiku lawo lokatenga mankhwala kukiliniki, ndipo ndinawaperekeza chifukwa nkhope yawo sinkandisangalatsa. Titadikira pamzere mpaka matako kuiwala eni ake, tinalowa kwa nesi wina wachizulu, wonenepa bwino, wa mawu ngati belu la sukulu. Anawamanga lamba woyezera bipi pamkono, makina n'kuyamba kufufuma. Atawerenga, anawayang'ana amalume pamwamba pa magalasi.

"Baba, mukufuna kundifera pampando wanga? Pulesha yanu yakwera kwambiri."

"Koma ndikumva mphamvu, sisita," anatero amalume, osadikiranso womasulira.

"Imeneyo si mphamvu. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ya m'maluwa."

"Ndiye mukudziwa. Payipi yakale, yofooka, mukaitsegulira mpopi wonse, maluwa amamwa bwino?"

Amalume anayang'ana lamba wa pamkono pawo.

"Imaphulika, baba. Misempha yanu ndi ya kalekale. Imafuna magazi oyenda mwaulemu. Ine ndikufuna pulesha imeneyi itsike, mwamva? Itsike."

M'takisi pobwerera ankangoyang'ana pawindo. Ndinaganiza kuti akwiya chifukwa chokalipiridwa ndi mwana wamkazi pamaso pa mwana wa mlongo wawo. Tinadutsa mafakitale a ku Germiston, tinaima pa maloboti, tinanyamukanso. Kenako anandigwira bondo.

"Apulofesa."

"Wawa."

"Injini ija, pa zaka za mainjini, ingakhale ya msinkhu wanji?"

"Ndinganene kuti munavinidwa limodzi, amalume."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti sinafe. Taipatsa bipi. Ifeyo, ndi manja athuwa."

Mayi wina amene anakhala pambali pathu atamva mawu oti bipi analowererapo m'Chizulu, kunena kuti wodwalayo azitafuna adyo m'mawa uliwonse ndipo asiye mchere. Amalume anamuthokoza ndi mtima wonse, n'kumuuza kuti wodwalayo ndi wamakani koma tikamuuza.

Tinabwerera ku Boksburg, jekete lomwe lija. Mayi wa magalasi sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale nkhope yake inanena. Anatulutsanso kachitini kaja. Ulendo uno amalume anakhala pampando n'kuyamba kukafunsa mafunso ngati nkhoswe yofufuza mkamwini.

"Afunseni. N'chifukwa chiyani injini inasanza?"

Mayiyo anafotokoza kuti mkati mwa kabuleta muli kambale, ndipo m'kambalemo muli kanthu koyandama kamene kamatseka khomo petulo akadzaza. Pampu ya magalimoto amakono imakankha mwamphamvu kwambiri moti kanthuko sikangathe kutseka. Apa ndinatchera khutu, chifukwa zimenezi ndinkazidziwa. Zoyandama za m'mathanki tinaphunzira, sabata yomaliza ndisanatsanzike.

"Zili ngati thanki ya chimbudzi chogejemula, amalume," ndinatero, mawu anga atasintha, atakhala a munthu wa satifiketi. "Madzi akadzaza, mpira uja umakwera n'kutseka. Koma mukalumikiza payipi ya ozimitsa moto, mpirawo ungatani?"

"Ungopepesa," anatero amalume. "Chabwino. Koma afunseni ichi. Kakang'onong'ono kameneka, pokwera mtsinje, boti litadzaza, sikadzaimana injini chakudya?"

Limeneli linali funso lenileni, ndipo mayiyo analilemekeza. Anatsegula buku la mainjini, anayang'ana kukula kwa yathuyo, n'kubweza kachitini kaja. Anabweretsa ina yokulirapo pang'ono. Anati kukankha ndi kwina, kuchuluka kwa mafuta ndi kwina. Iyi inkakankha mofatsa chimodzimodzi, koma inkatunga petulo wokwanira injini ya msinkhu umenewo ngakhale itathamanga tsiku lonse.

Ndisanamalize kumasulira, amalume anakweza dzanja.

"Ndamva. Ngati Shire wa mu Okutobala. Sathamanga, koma sauma."

Anaitembenuza n'kuona kuti ndi yomatidwa ponseponse, yopangidwira m'boti, yosathetheka. Mayiyo anawonjezera kasefa kosefera zinyalala za m'thanki yakale, ndi kaswitchi kochititsa kuti injini ikazima, pampu nayonso izime, isamapitirize mwambo ngati mnzake wa ku Jeremani. Amalume anailandira ndi manja awiri. Potuluka anandinong'oneza kuti mayiyu akanakhala wa kwathu akanamupezera banja labwino.

Tinaimanga tsiku lotsatira. Ndinatsatira chithunzi cha mawaya chimene chinali pabokosi, ndikuyankhula ndekha m'Chingelezi kuti amalume aone kuti sukulu sinapite pachabe. Tinatsegulira payipi ya madzi. Pemphero la ulendo uno linali lalitali, ndipo ine ndinalimvera nditaima pafupi ndi mtengo wa mandimu, pa zifukwa za chitetezo.

Anapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazengereza, inatsokomola kawiri ngati gogo amene akufuna kuyamba nkhani pamaliro. Kenako inagwira. Du du du du du. Sinabangule. Inangoyankhula mofatsa, mosalekeza, madzi akutuluka kumbuyo kwake n'kumathirira kapinga. Ndinasuzumira pa kabuleta: pouma. Buluzi mmodzi anatuluka pansi pa mpando, anatiyang'ana monyansidwa, n'kusamuka.

Amalume anavula chipewa. Anaisiya kuti ilire nthawi yaitali, akumvetsera mutu uli chopendekera, ngati akuyembekeza kuti ichita chizungulire. Sinachite. Anatulutsa foni, anaimba, ndipo azakhali atayankha iwo anangoyandikitsa foniyo pa injini.

"Halo? Abambo? Muli kuchigayo?"

"Amayi," anatero amalume, "uzani ana asese pansi pa mtondo paja. Pakufunika malo oimikapo chinthu."

Kenako tinamva nthungululu imene ndikukhulupirira kuti inafika ku Alberton ngakhale popanda foni.

Lole inabwera pa nthawi yake, itasenza mafiliji ndi matilesi a anthu mpaka kumwamba. Mkulu wa lole ataona kuti m'boti muli malo, anadzazamo ndowa, mabulangete ndi njinga ziwiri, moti ulendo woyamba wa botilo wonyamula katundu unali wa pa phula, kudzera ku Beitbridge. Amalume anakhala kutsogolo, mankhwala awo ali m'thumba la jekete. Asanakwere anandipatsa chinangwa cha ku Jeremani chija, chokulungidwa m'nyuzipepala.

"Iyi ndi ya achinyamata," anatero. "Musunge. Mwina mudzapeza chofuna kukankhidwa."

Masiku ano amanditumizira mauthenga a mawu. Sapereka moni. Ndimangomva du du du, madzi akuwomba m'mbali, mbuzi ikulira, ndi amayi akukangana za malo okhala. Nthawi zina kumapeto kumamveka azakhali akudandaula kuti bamboyu amaolotsa ulere aliyense amene wanena kuti akupita kuchipatala, ndipo mudzi wonse tsopano ukudwala tsiku la msika. Akuti bipi ya amalume inatsika. Amalume amati ndi mankhwala, azakhali amati ndi nsomba, ine ndimati ndi adyo wa mayi wa m'takisi uja.

Chinangwa chija chili m'chipinda changa ku Tembisa, ndimatsekera chitseko mphepo ikamavuta. Ntchito imeneyi imaigwira bwino kwambiri. Koma ndikamachiyang'ana chimandikumbutsa kuti pali mutu wina umene ndinausiya usanayambe. Mwezi watha ndinapita kukafunsa za makalasi amadzulo ku Kempton Park. Mayi wa pawindo anandifunsa kuti ndikufuna kuphunzira chiyani, ndipo ndinamuuza kuti za mapampu. Anafunsa ngati ndili ndi chidziwitso chilichonse pa ntchitoyo. Ndinati ndinachizapo wodwala mmodzi, ndipo akuyenda.